Lachisanu la a Godwin

A Godwin Sambani anaphunzitsa pulaimale ku Chileka zaka makumi atatu, kenako anakapumira kwawo ku Lirangwe. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo polemba ali ndi dzanja lokongola, moti komiti iliyonse imawakankhira ulembi. Moyo wawo wonse sanabepo ngakhale choko. Koma pali kanthu kamodzi kamene kamawadya mumtima, ndipo apa palibe chowaikira kumbuyo.

Chaka china a boma anatumiza uthenga woti ndalama zilipo zochepa, anthu anene okha ngati zipite ku basi yaikulu ya ku Lilongwe kapena ku sitima yonyamula anthu. A Godwin mtima unali pa basi. Mwana wawo Evelyn amagwira ntchito ku Lilongweko, komanso sitima ankaiona ngati ya nkhuku ndi madengu, yosayenera munthu wa tayi.

Tsiku la msonkhano anasankha ndi iwo. Lachinayi kuli Mvano, Loweruka kuli kwaya, choncho analemba Lachisanu, 12 koloko masana. Cholembera chisanachoke papepala, anakumbukira kuti nthawi imeneyo a Hakimu, neba wawo wogulitsa tomato, pamodzi ndi amalonda anzawo okwera sitima amakhala ali kumzikiti. Anakumbukira bwinobwino, koma anapinda kalatayo n'kuitumiza.

Amene anabwera anakweza manja, basi inapambana. Patapita miyezi, sitima inaleka kuima pasiteshoni.

Basiyo ndi yabwino ndithu, koma madengu siinyamula. A Hakimu anayamba kupanikiza tomato wawo m'minibasi, n'kumafika naye ku Limbe theka ataphwanyika. Sanadandaule, ndipo moni wawo wam'mawa sunasinthe. Izi n'zimene zinkawachititsa manyazi a Godwin koposa. Bola akanawatukwana!

Anapirira nazo zaka ziwiri. M'mawa wina anawapeza a Hakimu pasiteji, akulimbana okha ndi dengu lolemera, kondakitala akuwakalipira kuti afulumire.

"A Hakimu, ndili ndi mawu," anatero a Godwin. "Msonkhano uja, amene anauika Lachisanu ndi ine. Sikuti ndinaiwala ayi."

A Hakimu anapukuta thukuta n'kuwayang'ana.

"Aphunzitsi, dzanja lanu ndani salidziwa kuno? Kalata ija anaiwerenga kumzikiti ndi ine amene. Gwirani ukoko, minibasi ingatisiye."

A Godwin anawerama n'kugwira dengulo. Madzi a tomato anawayenderera m'mikono ya shati, koma sanalitaye.