Botolo Limene Linkadikira Mng'ono Wanu

Bambo, lero ndikusesa m'nyumba mwanu ku Liwaladzi ndapeza botolo lija, lopanda kanthu. Munali burande wakalekale wa ku Falansa, amene anakusiyirani mzungu munkamuphikira ku Dwangwa uja. Munkasungira mng'ono wanu amene anamangidwa nthawi ya chipani chimodzi, kuti mudzamwere limodzi akadzatuluka.

Tsiku limene tinapambana mavoti oyamba a zipani zambiri, ine ndi digiri yanga yatsopanoyo ndinalitsekula. "Dziko lasintha, bambo! Andende onse anatuluka kalekale, inu mukudikirabe ndani?" Munayang'ana chitsekerero m'manja mwanga nkunena kuti, "Basi, wamuika m'manda ndiwe." Simunalaweko. Sabata yomweyo munaitana abale, tinameta maliro opanda mtembo, ndipo simunapitenso kumsewu kukachingamira basi monga munkachitira pomuyembekezera. Ndikanangolisiya chitsekere, bambo. Ndikhululukireni kumene muliko.