Mawu a Yonela

Ine ndi Yonela tinkakhala pa madesiki oyandikana ku kampani ina ya ku Bellville, kuyankha mafoni a anthu odandaula kuti katundu wawo sanafike. Kwawo ndi ku Cofimvaba, ndipo ku Cape Town kuno anabwera atangomaliza sukulu. Anali munthu wamfupi, wometa mpala, wokonda majekete aakulu ndi nthabwala. Tsiku loyamba lomwelo anatiuza mosabisa kuti iye si mkazi, si mwamunanso, tizingomuitana dzina lake basi. Ife sitinachedwe kuzolowera.

Vuto linali pa foni. Woimba aliyense akangomva mawu ake ankayamba ndi "Mayi" kapena "Achemwali". Yonela ankangomeza malovu n'kupitiriza ntchito. Kenako anayamba kudzikakamiza kulankhula mawu abesi, moti pofika masana ankakhala atasasa.

"Iwe, ukulira ngati minibasi yakutha yokwera chitunda," ndinamuuza tsiku lina.

"Ndisiye Thozama, iweyo mawu ako aja ngati ketulo," anayankha, kenako n'kuyamba kutsokomola.

Mnzake wina anamuuza za Mayi Fortuin a ku Mowbray, katswiri wothandiza anthu pa za mawu ndi kalankhulidwe. Yonela anandipempha kuti ndimuperekeze, akuti ali yekha akhoza kubwerera pakhomo.

Mayi Fortuin anali achikulire ndithu, a mpango wobiriwira kumutu. Anatipatsa tiyi wa rooibos, n'kufunsa Yonela kuti azimutchula bwanji. Atatero anamuikira maikolofoni. Anamuuza anene "aaa" mpaka mpweya uthe, akweze mawu kuchoka pansi kufika pamwamba, afotokoze mmene anayendera m'mawawo. Timizere tinkavina pa kompyuta. Kenako anapempha kaye chilolezo, n'kumugwira pakhosi ndi zala ziwiri.

"Apa palimba ngati chingwe choyanikira zovala. Mwakhala mukulizunza khosili. Tsono ndiuzeni, mukufuna mawu otani?"

"A mwamuna sindikuwafuna," anatero Yonela. "Koma awanso ayi. Kaya zikumveka?"

"Zikumveka bwino lomwe. Pakati pamenepo malo alipo ambiri. Nanga ndi liti pamene mumamva mawu anu n'kuwakonda?"

Yonela anazunguza kapu m'manja. "Ndikamasita," anatero pomaliza. "Ndimaimba nyimbo za kutchalitchi kwathu. Pamenepo mawu amangotuluka okha."

"Imbani tione."

"Pamaso pa uyu? Mawa ofesi yonse imva."

Ndinalumbira kuti sindinena. Anaimba pang'ono, chapansipansi, maso ali pawindo. Mayi Fortuin anamudula pakati n'kumuuza kuti atchule dzina lake pomwepo, osasintha chilichonse. Mawu amene anatuluka anali otsika pang'ono chabe, koma odzaza, ochokera pachifuwa. Atamuyatsira mawu amene anajambulawo, Yonela anapempha kuti awabwereze. Anamvetseranso, n'kundiyang'ana.

"Ameneyu ndimamudziwa," anatero, akuseka ndi misozi m'maso.

Mayi Fortuin sanamunamize. Anati ayambe wakaonana ndi dokotala wa pakhosi chifukwa cha kusasako, ndiponso kuti ngakhale ataphunzira bwanji, ena adzamutchulabe mayi pa foni. Dokotala anapeza kuti khosi linangotopa, palibe chinawonongeka.

Miyezi yotsatira Yonela ankayeserera mawu atsopanowo pong'ung'udza paliponse, mu sitima, pa mzere wogula tchipisi, ngakhale kuchimbudzi cha ku ofesi. Ankayenda ndi botolo la madzi ngati wothamanga. Kusasa kunatha. Oimba foni ena ankatibe mayi, ena bambo, ena ankadodoma n'kufunsa kuti akulankhula ndi ndani. Zinasiya kumulasa mtima ngati kale.

Pano Yonela ndi amene amaphunzitsa antchito atsopano, ndipo amakhala ku Salt River ndi bwenzi lake Kamva. Lamlungu lapitali ndinali kwawo tikuwotcha nyama pamene mayi ake anaimba kuchokera kumudzi. Anawaika pa sipika.

"Mwana wanga, wanenepa eti?" anafunsa mayiwo. "Mawu akowa akumveka a munthu amene akudya bwino."

"Ndikudya ndithu amayi," anatero Yonela, akunditsinzinira diso, uku akutembenuza soseji pamoto.