Thabwa Losowa Wolilandira

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anawasamutsira kusukulu ina cha ku Chisepo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinalibe mnzanga ngakhale mmodzi. Ndisaname, inenso ndinali wodzimva. Ndinkati ngati ana a kuno sakundifuna, zawo izo.

Kumunsi kwa sukulu kunali damu la esiteti ya fodya. Mwera ukayamba kuwomba mu Julaye, anyamata ankasema timatabwa totalika ngati mkono, n'kumangirira ku kaiti ya thumba la feteleza, kenako n'kusiya kuti mphepo itikoke mpaka tsidya lina. Ine ndinkaonerera ndili pachulu, milomo itang'aluka ndi chisanu, mtima ukuwawa. Ndinaganiza kuti ndikangowapambana, adzandiwerengera.

Ndinatola zidutswa zitatu za matabwa kwa kalipentala wokonza madesiki. Kwa milungu iwiri ndinkaziyesa ndekha, anyamatawo ali kubusa. Thabwa la bulugama linali lopyapyala, laliwiro zedi, koma likagunda timafunde linkagadabuka. Lachiwiri linkayenda ngati ng'ombe yokhuta. La paini ndinalisema mphuno yoloza m'mwamba, n'kukhomera kachitsulo kunsi, ndipo linkadumpha mafunde osapendekeka. Lililonse ndinkalimanga twaini wautali kumbuyo, likafika pakati n'kulikoka kuti libwerere.

Loweruka la mpikisano ndinatsika pachulu paja nditanyamula la paini lija. Madzi anali atawinduka, akumenya m'bango. Yohane, mkulu wa gululo, analitembenuza thabwa langa m'manja mwake, kenako n'kudula twaini uja.

"Kuno sitimanga kumbuyo. Nanga wako wolandira ndi ndani, iwe?"

Apo m'pamene ndinaona kuti aliyense anali ndi mnzake amene ankathamangira tsidya lina. Wopambana anali amene mnzake wayamba kutola thabwa m'madzi n'kulikweza m'mwamba. Mavuto, mnyamata wamanyazi amene analibe thabwa, anasendera pafupi nane.

"Ndikakulandirire ine, aise?"

"Ayi, ndikalandira ndekha," ndinayankha, osamuyang'ana n'komwe.

Titasiya makaiti, thabwa langa linawasiya onse kutali. Ndinathamanga mozungulira damu, matope akundigwira mapazi, koma mphepo siidikira munthu. Linafika tsidya loyamba, popanda dzanja loligwira. Kaiti inalikokera kumtunda, n'kulikwekweretsa m'munda wa mapesi a fodya, mpaka linazimiririka m'mitengo ya bulugama. Kumbuyo kwanga ankakuwira wina amene thabwa lake linafika lachiwiri.

Ndinalifunafuna mpaka miyendo inatopa. Pobwerera ndinapeza onse atapita, kupatula Mavuto, amene anali atakhala pamwala akuponya timiyala m'madzi. Chifukwa cha manyazi ndinamulambalala, ndipo ndinakalirira kuseri kwa kalasi. Chaka chotsatira bambo anawasamutsanso.

Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza nkhaniyi ngati ya thabwa labwino limene linatayika, ndipo anthu ankaseka n'kumati kali kokha n'kanyama. Koma lero, ndili ndi imvi zanga, chimene chimandipweteka si thabwa ayi. Ndinkaona ngati padamu paja wosungulumwa ndinali ine ndekha. Mavuto sankangofuna kundithandiza. Nayenso ankasowa woti amusankhe, ndipo tsiku limenelo ndinamukana kawiri.