Girizi wa kwa Mayi Tembo

Ntchito yanga yoyamba mu Lusaka anandipezera ndi mkulu wina wa kutchalitchi ku Kabwata, amene anandipereka kwa Ba Mwansa. Iwo ankaika timakina topanga magetsi ndi mphepo, tija ta mapiko atatu pamwamba pa mlongoti, kwa anthu otopa ndi kuzimazima kwa magetsi. Atandiphunzitsa milungu itatu anandipatsa chikwama cha zipangizo ndi mndandanda wa nyumba, basi ndiziyenda ndekha.

Umamanga buleki, kuvala lamba n'kukwera. Umakunga mabawuti ndi sipanala, kupapasa m'mphepete mwa mapiko momwe fumbi limadya, kenaka kugunditsa sikuludiraiva pa beringi, pomwe mapiko amazungulira, chogwirira chili kukhutu, uku ukuzunguza mapiko ndi dzanja kuti umve ngati ikukhuluza. Kumwambako kulibe wocheza naye. Ku Kabulonga alonda ankangondilozera mlongoti ndi chibwano. Ndinkasungulumwa zedi.

Nyumba imodzi yokha ndiyo ankanditchula dzina: kwa Mayi Tembo, mayi wamasiye woweta nkhuku kuseri kwa Chelstone. Makina awo ankadzaza mabatire a pampu ya madzi. Ankandifunsa za kwathu ku Chadiza, ndipo tsiku lopita kumeneko ndinkachita kulidikira.

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itavuta, ndinafuna kuwathokoza. Lamulo la Ba Mwansa linali kupopa girizi mu beringi kawiri n'kupukuta. Koma kwathu ngolo imene ukuikonda umaipaka mpaka girizi atulukire kunja. Ndinapopa kasanu, n'kumusiya akuchita kudontha, ine ndikutsika monyadira.

Fumbi linakakamira pa girizi uja, n'kudya mphira wotchinga beringi. Mvula yoyamba ya Novembala inalowera pomwepo. Tsiku la chimphepo beringi inagwira, makina ananjenjemera, phiko limodzi n'kuthyoka. Mabatire anatha, pampu inaima, ndipo m'kutentha kuja nkhuku zambiri zinafa ndi ludzu.

Titatsitsa makinawo Ba Mwansa anatapa girizi ndi chala n'kundipaka m'dzanja. Ankakalakata ngati phala lothiridwa mchenga.

"Wamvela? Nindani anakuuza ati ufake yambili so?"

Mayi Tembo sanandikalipire. Anangouza Ba Mwansa, ine ndili pompo: "Muzinitumila winangu."

Ba Mwansa ntchito sanandichotse. Mpaka lero ndimapopa kawiri n'kupukuta mpaka chitsulo chiwale, ngakhale mwini nyumba akhale wabwino chotani. Ndinagwira kwa Ba Mwansa zaka zina zitatu, koma geti la Mayi Tembo sindinalowenso, ndipo chifukwa chimene ndinapopera kasanu mayiwo sanachidziwe.