Poto Wofiira wa a Todosia

Kwathu kuno ku Maramuresh, pakhomo lililonse lakale pali mtengo wouma wa nthambi zambiri woyanikapo mapoto. Pamwamba penipeni pakakhala poto wofiira, ndiye kuti pakhomopo pali mkazi wofuna banja, mwamuna atha kugogoda. Atsikana a lero amapeza amuna pa foni kapena ku Italy kumene akugwira ntchito, choncho mitengo yambiri yangotsala yokongoletsa.

A Todosia Bud ndayandikana nawo nyumba kuyambira tili ana. Poto wawo wofiira anakwera mumtengo iwo ali ndi zaka 19, koma sanathe miyezi itatu. Mayi awo anafa ziwalo, ndipo bambo awo anamutsitsa potoyo, nati adikire kaye. Anadwazika mayiwo zaka khumi ndi ziwiri, kenako bambowo, kenako analera ana a mchimwene wawo amene anapita ku France kukamanga nyumba za eni. Anadzadzidzimuka imvi zili mbuu, zaka 57 zakwana. Amaweta ng'ombe imodzi, amaluka mabulangete a ubweya wa nkhosa, ndipo amamweta udzu kuposa amuna ena amene ndikuwadziwa, kuphatikizapo wanga.

Mmodzi mwa ana amene analerawo, Onisim, lero ndi bambo wa chimimba chake ndi minibasi yake. Ndiye amatibweretsera alendo odzaona malo, amene amajambula zipata zathu zosema, masiketi athu a Lamlungu, ngakhale nkhumba yanga. Tsiku lina ndinamumva kudzera pampanda.

"Azakhali, alendo amakonda nkhani ya poto wofiira, koma m'mudzi monse mulibe woti ndiwalozere. Ikanipo wanu uja. N'zongojambula basi."

"Ndinamize mudzi chifukwa cha zithunzi?"

"Aaa, ndani angaganize kuti inu mukufuna mwamuna? Aliyense adziwa kuti n'zamasewera."

Mawu amenewo anandiwawa ine amene sankandinena. A Todosia analowa m'nyumba n'kutuluka ndi potoyo, atasuluka pang'ono m'mphepete. Anatsamiritsa makwerero, nakwera okha.

"Ndaika," anatero ali pamwamba. "Koma uwauze alendo akowo zoona. Potoyu ndi wanga, ndipo sindikusewera."

Onisim anaseka mpaka kugwira mpanda. Patatha masiku awiri anasiya kuseka, poti azakhali ake anayamba kuwauza okha alendowo ndi manja: kuloza poto, kudziloza pachifuwa, kuloza chala chopanda mphete. Mayi wina wa ku Germany anawakumbatira. Koma alendo amapita, otsala ndife, ndipo ife tili ndi pakamwa. Potuluka m'tchalitchi amuna ankatsokomola dala. Amayi ankati ukalamba wayamba kuwasokoneza mutu. Inenso ndinalowa nawo m'gulu, ndivomere.

"Todosia, iwe, tsitsa chinthucho. Ukufuna kuchapa masokosi a nkhalamba pa msinkhu uno?"

"Ndachapa masokosi a anthu asanu ndi mmodzi, palibe amene anali wanga. Iwe wako umamutukwana tsiku lililonse, koma ukaphika mumadya awiri. Ine ndatopa kuyankhula ndi ng'ombe."

Ndinachita manyazi.

Mchimwene wawo uja anaimba foni kuchokera ku France kuti akuchititsa banja manyazi. Onisim, atamvera bambo ake, anatsitsa potoyo azakhali ake ali kumunda, nabisanso makwerero. Madzulo a tsiku lomwelo ndinaona a Todosia ataimirira pangolo ya udzu, poto ali kunsonga kwa foloko yaitali yonyamulira udzu, akulimbana kuti akole nthambi ya pamwamba. Anagwa katatu potoyo. Ndinavula epuloni n'kupita kukawagwirira ngolo.

Milungu isanu ndi umodzi inatha popanda wogogoda. Mvula inkamenya potoyo, alendo ankamujambula, a Todosia ankadutsa pamsewu khosi lili chilili, ngakhale ndinkaona kuti akuonda.

Lachinayi lina m'mawa, minibasi itangotsitsa alendo pachipata, panaima a Tanase Hotea a kumtunda kwa mudzi, chikwakwa chili paphewa. Akazi awo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo ndi munthu woti mawu khumi amamukwanira sabata. Anayang'ana poto, nayang'ana alendo, nayang'ananso poto.

"Todosia, ndifunse. Ameneyu ndi wa alendowa kapena ndi weniweni?"

"Weniweni."

"Ndadutsa pano kasanu. Ndimaopa kuti ndibwera ndi botolo la mowa wofunsira mbeta m'manja, anthu n'kuti ndagogoda pa poto wojambulitsa."

"Ndiye mumaopa kusekedwa? Ine andiseka milungu isanu ndi umodzi, bambo, onani ndikadali moyo."

A Tanase anavula kachipewa kawo ka udzu, makutu atafiira ngati a mwana wasukulu. Alendo anali atakweza kale mafoni, osamva kanthu. Onisim anawakola ndi dzanja kuti atsitse mafoniwo, nawatsogolera kwa nkhumba yanga.

"Chabwino," anatero a Tanase. "Ndikamete ndevu, ndiuze mlongo wanga. Tibwera Lamlungu."

A Todosia anapukuta manja pa epuloni. Mawu awo anatuluka olimba.

"Lamlungu ndi kutali. Mubwere mawa, ndevuzo ndizionera konkuno."