Mbale za Eni Ake

Mkazi wanga anamwalira mu Malichi, mvula ikutha. Za matenda ake sindilemba pano. Ndilemba za mbale.

Kumpingo kwathu ku komboni ya Pamodzi, kumene ambiri ndife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi, tili ndi lamulo losalembedwa: mbale ikabwera ndi chakudya, sibwerera yopanda kanthu. Umaikamo kaya tomato, kaya nthochi. Lamuloli ndinkangolidziwira patali, monga amuna ambiri. Wolisunga anali mkazi wanga.

Maliro atatha, amayi a Mvano anagawana masiku ondiphikira. Ndikaweruka ku ofesi ku Northrise ndinkapeza mbale pakhonde, yokulungidwa m'chitenje: nyemba, kapenta, mwina ndiwo zotendera. Ndinkadya, kutsuka, kupukuta, kenako n'kuima nayo m'khitchini osadziwa choikamo. Kabati ya mkazi wanga sindinkaitsegula. Munali ufa wake ndi mabotolo ake monga anawasiyira. Kugula mabisiketi m'sitolo ndinkaona ngati chipongwe kwa munthu amene wasinja nsinjiro ndi manja ake. Choncho mbale iliyonse ndinkaisanjika pa inzake. Pofika Disembala ndinkadyera pamiyendo, tebulo litadzaza ndi mbale za eni ake, ndipo kutchalitchi ndinayamba kutulukira khomo lam'mbali.

Lamulungu lomaliza la chaka abusa analalikira kuti tinalengedwa kuti anthu aziona khalidwe la Mulungu mwa ife. Anafunsa kuti, chaka chino ndani wamuona Mulungu mwa iwe? Ku koleji ndinazolowera mafunso ovuta, koma ili linandikanika. Chaka chonse ndinali wolandira basi, ndipo sindinkadziwa chimene ndatsalira.

Pakhomo lam'mbali paja ndinapeza mayi wamkulu wa Mvano, yemwe anamulandira mkazi wanga m'gululo, ataima pakatikati.

"Bambo, khomo ili ndi la ana a Sande sukulu. Mwabwerera m'kalasi?"

"Ayi, amayi, kunoku kuli mthunzi."

"Awe mukwai!" anakana m'Chibemba. "Ulaliki mwaumva? Ine Mulungu ndamuona mwa inu chaka chino."

Ndinawayang'ana modabwa.

"Eee. Chimene waika m'manja mwa Mulungu suchionanso ndi maso. Ndi mmene zilili mbale zathu. Pa Khirisimasi alendo ndawapakulira mpunga pachivundikiro cha poto. Kodi mukufuna kutsegula shopu kumsika?"

Ndinafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali china. "Ndilibe choikamo, amayi."

Anakonza duku yomwe inali yokhala kale bwino.

"Mango a kuseri kwanu akutha ndi mileme," anatero. "Mawa amayi tikukumana pompano. Mubwere nazo."

M'mawa mwake ndinatchola mango, n'kuika awiriawiri m'mbale iliyonse. Woyendetsa takisi anandifunsa m'Chibemba ngati ndikupita kukafunsira mbeta. Nkhawa yanga inali yoti sindinkadziwa kuti mbale iti ndi ya ndani. Amayiwo sanavutike. Anakhuthulira mango onse pachitenje chimodzi n'kuyamba kutembenuza mbalezo. Apa ndi pamene ndinadziwira kuti mayi aliyense amalemba chizindikiro chake pansi pa mbale ndi utoto wa m'zikhadabo, wina kadontho, wina kamtanda.

"Iyi si iyi!" anafuula wina. "Ndamunamizira mpongozi wanga kuyambira Juni kuti anaiba!"

"Mukamupepese ndi mangowa," anayankha mnzake.

Phokoso lili mkati, mayi wamkulu uja anandikokera pambali. Anatulutsa m'chikwama kambale kachitsulo kobiriwira n'kukatembenuza. Pansi pake panali timadontho tiwiri tofiira. Utotowo ndinaudziwa msanga kuposa mbaleyo.

"Malemu akazi anu anandipatsiramo zitumbuwa sabata yomwe anayamba kudwala," anatero motsitsa. "Ndinati ndidikire achire kuti ndimuikiremo kanthu kabwino. Atapita, ndikanaikamo chiyani? Inu mwasunga zambiri, ine imodzi, koma mlandu ndi womwewo."

Anathiramo mtedza wa m'kathumba n'kundigwiritsa m'manja onse awiri.

"Ndi wosakazinga. Chiwaya muli nacho. Mcherewo mukudziwa kumene uli."

Ndinkadziwadi. Masana omwewo ndinatsegula kabati ija. Ndinaima pamenepo kwa nthawi ndithu, ndipo zimene zinachitika pamenepo ndi zanga. Kenako ndinatenga mchere. Mtedzawo theka linapserera, chifukwa palibe anandiuza kuti sumausiya pamoto wokha.

Funso la abusa sindinaliyankhebe mokwanira. Chimene ndinaona n'choti amayi aja anapitiriza kutumiza chakudya miyezi yonseyo akudziwa kuti mbale sizibwerera, ndipo ndikuganiza kuti Mulungu ndi wotero: amayamba ndi Iye kupatsa.

Pa Chaka Chatsopano ndinatenga mtedza umene unapulumuka, m'kambale kobiriwira kaja, kupita nawo kwa mkulu wina wa mumpingo amene anaika mkazi wake m'manda mu Novembala. Anausanthula ndi chala, n'kutola kamodzi kakuda bii.

"Achimwene, mukufuna ndimutsatire msanga?"

Tinakhala pakhonde n'kuudya wonse. Pochoka anafuna kunditsukira mbaleyo. Ndinamuuza kuti aisunge kaye.