Phula la Alamu, Pepala la Achimwene

M'nyumba ya achimwene anga muli khoma limodzi limene ngakhale mphemvu siloledwa kuyendapo. Ndi la pabalaza, pamene anakolekapo satifiketi yawo yokhoma ndi kukonza maboti. Amaipukuta m'mawa uliwonse ndi mpango wa m'thumba, womwewo umene amaminira, kenako amabwerera m'mbuyo pang'ono n'kumaiyang'ana ngati mwana wawo woyamba. Ndi achimwene anga enieni, bere limodzi, ndiye musati ndikuwachitira nsanje. Ndikunena zimene ndaona, ndipo zimandinyansa.

Koma nkhani ino si yawo. Ndi ya akazi awo, alamu anga, amene padoko ponse amawatcha a Naphula.

Ine ndimagulitsa tiyi ndi buledi pakhomo penipeni pa shedi yawo. Sukulu ndinaisiya chaka chimene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, koma maso anga safuna mphunzitsi. Pabenchi yangayo ndaona boti lililonse limene linalowa m'shedimo likudontha n'kutulukamo louma, ndipo ndikudziwa manja amene analigwira.

A Naphula anabadwira mu utuchi. Shediyo anamanga ndi bambo awo, mkulu wosayankhulayankhula wa zala zinayi ndi theka kudzanja lamanzere. Mwana wamwamuna analibe, ndiye mtsikanayo ndi amene ankawagwirira thabwa, kuwaongolera misomali yopindika ndi kuwavundulira phula pamoto. Asanathe n'komwe msinkhu ankatha kugogoda boti ndi chigwiriro cha tchizulo n'kunena kuti apa pawola, pamene penti ikuwala ngati mbale yatsopano. Amati thabwa labwino limayankha, lowola limangong'ung'udza. Ine ndayeserapo kugogoda, ndimangomva go go go basi.

Mkuluyo anali ndi lamulo limodzi, ndipo eni maboti onse analikonda mpaka kulitenga ngati lawo. Amene wakonza boti ndi amene amayamba kukhalamo polibwezera m'madzi. Amalikankhira pakuya, wokonzayo ali pakati yekha, ndipo satsika mpaka mwini boti atakhutira kuti pansi ndi pouma. Ngati wanama pamatabwa, wanamiza matako ake omwe.

Achimwene sanabwere pashedipo chifukwa cha maboti. Anabwera chifukwa cha mtsikana, ndipo pofuna kukopa apongozi ankasisita matabwa n'kumagwedeza mutu ngati akumvapo kanthu. Atangokwatirana, kusukulu ya ntchito zamanja kunayamba maphunziro a zamaboti, ndipo kunamveka kuti m'tsogolo muno boti lonyamula anthu lizisainidwa ndi munthu wa pepala. Kusukuluko ankafuna amene anafika kusekondale. Alamu anali atalekera pamene ndinalekera ine. Ndiye mkuluyo anaitana mkamwini wake n'kumuuza kuti, “Pitani mukatenge pepala. Manja alipo kale pano.”

Sindikunyoza sukulu. Alipo anzawo a achimwene amene anatulukako akukhoma maboti oti umachita kuima n'kuyang'ana. Koma achimwene anamva mawu a apongozi awo molakwika, manja anawasiyadi kunyumba. Za mmene anakhozera mayeso, kafunseni mnzawo amene ankagawana naye benchi. Patatha zaka ziwiri anabwera ndi pepala, dasikoti yoyera, pensulo kukhutu ndi mawu achingerezi odzaza m'kamwa. Anadzitcha okha a Injiniya. Anthu anavomera dzinalo mofulumira kwambiri, iwo osazindikira chifukwa chake.

Mkuluyo atamwalira, ntchito inayamba kuyenda chonchi. Munthu akabwera ndi boti, a Injiniya amalizungulira katatu, amayeza ndi tepi, amalemba m'kabuku, amatchula mawu awiri atatu oti mwini boti aope, kenako amati akupita kukafunafuna zipangizo. Akangokhota, alamu amavala ovolosi ya malemu bambo awo. Amazula thabwa lowola, kusema latsopano, kukhoma, kutseka mipata ndi chingwe cha thonje, kuthira phula. Tsiku lobwezera boti m'madzi amene amakhalamo ndi alamu. Anakhalamo ali ndi pakati pa mwana woyamba, anakhalamo ali ndi malungo, tsiku lina anakhalamo khanda akulisiya m'manja mwanga. Achimwene amaima pouma, nsapato zili phuliphuli, kenako amasaina n'kudinda chidindo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudyera mkazi masuku pamutu, ndipo dasikoti ija sinadziwe kuti phula ndi lotani.

Ine ndinkawazazira alamu. Ndinkati, “Alamu, mudzafa mukupalasa, wina akudya nsomba.” Iwo ankangoseka n'kundiuza kuti boti siliwerenga pepala.

Chaka chatha kunabwera chidziwitso. Anthu a luso amene sanapite kusukulu aziyesedwa, akakhoza azipatsidwa satifiketi. Alamu anabwera ndi fomu pabenchi yanga, ataipinda kanayi, akuigwira ndi nsonga za zala kuopa kuidetsa.

“Mlamu, tandiwerengereni apa pamene palembedwa ting'onoting'ono.”

Ndinawerenga ndi chala, pang'onopang'ono. Pamafunika munthu wa satifiketi asaine kuti woyesedwayo wagwira ntchito pansi pake zaka zosachepera zisanu, ndipo alembe ntchito imene amagwira. Fomu ikafike Lachisanu lomaliza la mwezi.

“Mukulifuna pepalali?” ndinawafunsa. “Si inu munkati boti siliwerenga?”

“Maso a achimwene anu ayamba kufooka, shuga wakwera. Akadzagona pansi, shedi ya bambo anga aitseka. Komanso ndikufuna dzina langa likhale pa boti limodzi lokha ndisanafe.”

Munthu wa satifiketi padoko ponse anali mmodzi, ndipo amagona naye chipinda chimodzi. Mungaganize kuti nkhani yophweka. Achimwene anawerengera fomuyo pabenchi yanga, akumwa tiyi wanga, n'kuseka mpaka kutsamwa.

“Amayi, atambala awiri salira m'khola limodzi. Masatifiketi awiri m'nyumba imodzi a chiyani? Mayeso amenewa si ogogoda matabwa ayi, muli sayansi.”

“Ingosainani, abambo. Kulephera ndikalephera ndekha.”

Achimwene anatulutsa cholembera. Ine ndinati mwina manyazi awagwira. Pamzere wa ntchito analemba kuti: wosesa ndi wotenthetsa phula. Anasaina mokhotetsakhotetsa n'kuwabwezera akumwetulira. Ndinawalanda kapu tiyi asanathe. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka nditabadwira kubanja lina.

Alamu sanalire. Anandipempha kuti ndiwawerengere kawiri zimene zalembedwazo. Kenako anakatenga fomu ina yosalemba n'kuiika m'thumba la ovolosi, anasamba m'manja ndi palafini mpaka zikhadabo zinaoneka, n'kutenga tsache.

Anasesa, anthu inu. Shediyo inayera mpaka tinapeza hamala imene inasowa mwana wachiwiri asanabadwe. Munthu akabwera ndi boti, ankamulonjera mwaulemu n'kunena kuti, “Dikirani a Injiniya, ine ndine wosesa.” Achimwene anabweza maboti awiri ponamizira kuti matabwa abwino akusowa. Koma boti lachitatu sakanatha kulibweza. Linali la a Wolotsani, bambo wa pakamwa polasa amene amawolotsa anthu kupita tsidya lina, ndipo m'boti lake mumakwera amayi a kumsika, njinga ndi ana a sukulu. Linkalowa madzi cham'munsi, kumanzere.

“Lachisanu ndilipeze lili pamadzi,” anatero a Wolotsani. “Ngati simungathe nenani, ndipite kwina ndikanene chifukwa chake.”

Achimwene anatseka chitseko cha shedi, chinthu chimene sichinachitikepo dzuwa likuwala. Masiku atatu tinkangomva hamala ikulira kamodzi, kenako mawu oti sindingawalembe pano. Tsiku lachiwiri anatuluka chala atakulunga ndi mpango uja n'kufunsa akazi awo kumene anataya utuchi. Alamu anawalozera ndi tsache. Achimwene anaunyamula m'chidebe, anagula guluu ndi chitini cha penti yobiriwira. Munthu wa pepala la zaka ziwiri anakanda utuchi ndi guluu ngati akuumba zidole, n'kumata pamene pawola, n'kupakapo penti kawiri.

Lachinayi masana alamu analowa kukasesa. Podutsa anagogoda botilo kamodzi ndi mtengo wa tsache. Anatuluka nkhope ili ngati ya munthu amene waponda zonyansa ali wosavala nsapato.

“Mlamu,” anandiuza motsitsa mawu, “mumenemo mumakwera ana.”

“Ndiye mukonza?”

“Ndikonza. Silichoka pano chonchija ndili moyo. Koma ndiyambe ndaona ngati akhalemo.”

Lachisanu m'mawa anthu anali ambiri kuposa masiku onse. Sindikudziwa amene anawauza. Ine ndinangotchulako kwa anthu asanu ndi mmodzi okha. Analikokera botilo m'mphepete mwa madzi, likuwala ngati mkwatibwi, ndipo a Wolotsani anagwira chingwe.

“Lowani, a Injiniya, tikukankheni.”

Achimwene anatembenukira kwa akazi awo ngati palibe chachilendo. “Amayi, talowani mwa masiku onse, ine ndiyang'anire kuchokera kuno.”

“Wosesa sakhala m'boti, abambo.”

“Wakonza ndani?” anafunsa a Wolotsani.

“Ndine, ndi manja angawa.”

“Ndiye matako akhale a manja omwewo.”

Tsono achimwene anga ndi munthu woti ngakhale kubafa amasamba atagwira khoma. Anavula nsapato imodzi. Anapinda buluku. Anakweza mwendo n'kuusiya m'malere, akuyang'ana pamene anamata paja, ndipo thukuta linayenderera mpaka kunyowetsa kolala ya dasikoti. Ankadziwa. Chimene chimandinyansa mpaka lero ndi chimenechi: ankadziwa kuti silingamunyamule munthu mmodzi, koma anali wokonzeka kuikamo mkazi wake, n'kusainira kuti mukwere ana a eni ake.

Anatsitsa mwendo n'kusendera kwa alamu. Ananong'ona, koma makutu anga ndi a tiyi, amamva supuni ikagwa kuseri kwa msika.

“Amayi a ana, musandichititse manyazi pagulu.”

Alamu anapisa m'thumba, anatulutsa fomu yosalemba ija ndi cholembera. “Pamzere wa ntchito mulembe kuti wokhoma ndi wokonza maboti. Mlamu awerenga mukamaliza.”

Panalibe tebulo. Achimwene anatsamiritsa pepalalo pambali pa boti, pamene penti inali yosalala kwambiri, n'kudinikiza cholembera mwaukali. Cholembera chinaboola pepala, chinaboola penti, n'kulowa m'boti mpaka theka. Chinangotsala chili njo, utuchi ukuyoyoka pansi.

Palibe amene anaseka poyamba. A Wolotsani anawerama, anasuzumira, anakankha ndi chala chachikulu, chala chinalowa chonse.

“A Injiniya, kusukulu kwanuko ankaphunzitsa zokhoma maboti kapena zophika buledi?”

Apo m'pamene anthu anagwa nazo. Ine ndinabweretsa thireyi yanga ya tiyi kuti achimwene amalizire kulemba pa chinthu cholimba. Analemba, anasaina, anadinda. Ndinawerenga mokweza, liwu ndi liwu, kuti ndi a kumbuyo omwe amve. Alamu anauza a Wolotsani kuti matabwa awiri achoke, abwere Lachiwiri. Kenako anathamanga ndi fomu yobookayo kukakwera basi, ali mu ovolosi momwemo, pakuti limeneli linali Lachisanu lomaliza la mwezi. Akuti kalaliki wolandira mafomu anafunsa za bowolo, iwo n'kuyankha kuti ndi chidindo chachiwiri cha abwana.

Lachiwiri anakhala m'boti la a Wolotsani, pakati, manja ali pamaondo. Pansi panali gwa, pouma.

Mayeso anachitika patatha miyezi iwiri. Anawapatsa matabwa oti alumikize ndi bowo loti atseke, maola atatu. Anamaliza nthawi isanakwane, ndipo podikira anzawo anagogoda boti limene ankayeserapo n'kuuza oyesa kuti kutsogolo kwake kwayamba kuwola. Mmodzi anakwiya, winayo anakabaya ndi tchizulo n'kupeza kuti n'zoona. Mafunso a pakamwa ndiwo anawavuta. Ankafunsidwa mayina achingerezi a ziwalo za boti, iwo ankangoloza n'kunena ntchito yake. Anakhoza, koma anawapatsa giredi yotsikitsitsa, poti akuti aliyense amayambira pamenepo. Mkazi wa imvi, amene maboti ake awolotsa theka la anthu a kuno, pepala likuti ndi woyamba kumene. La achimwene likuti ndi katswiri. Ndikaganiza zimenezi tiyi amandiwawa m'kamwa.

Satifiketi itafika, achimwene anaigulira galasi n'kuikoleka pakhoma lija, pansi pa yawo. Alendo akabwera ankawalozera n'kumati, “Uyu ndi wophunzira wanga, ndinamusula ndekha.” Ndinamva ndi makutu anga akuuza abusa, osaphethira n'komwe.

Alamu anawalola kwa sabata imodzi. Lolemba lotsatira anaichotsa, anabwera nayo kushedi n'kuikhomera pamtengo wa pakati, pamwamba pa mbiya ya phula, pamene bambo awo ankakoleka chipewa. Galasilo lada kale ndi utsi, ndipo pakona pali chidindo cha chala chawo. Giredi yawoyo imawalola kusainira maboti ang'onoang'ono, ndipo kuno maboti amene alipo ndi otero. Amasaina pang'onopang'ono, lilime lili panja, akangotsika m'boti. Eni maboti safunanso siginecha ina.

Achimwene amabwerabe ndi dasikoti yawo, amazungulira maboti katatu. Tiyi ndimawapatsa, magazi ndi magazi, koma m'kapu yothyoka chogwirira. Kunyumba kwawo msomali wachiwiri uja udakali pakhoma, wopanda kanthu. Dzulo ndinaonapo mphemvu itakhala, ndipo sindinaithamangitse.